Gawo 27 Lobwereza

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso cha kuntchito. Mumsewu monse, kuyambira kwa wowotcherera zitseko mpaka kwa mayi wogulitsa mayunitsi pakona, ankadziwika kuti a Pamalopake. Dzinalo anachita kudziputira okha ndi pakamwa pawo, chifukwa dzuwa silinkalowa asananene kuti, "Chilichonse pamalo pake." Ana ankawayeserera akamadutsa, iwo n'kumayesa ndi ulemu.

Moyo wawo wonse wa ntchito unathera kuseri kwa kauntala ya sitolo ya masipeyala a galimoto. Khoma lonse la kumbuyo kwawo linali timadirowa tachitsulo, kalikonse ndi kapepala kake kolembedwa ndi dzanja lawo: mabawuti apa, manati apo, mawashala monga mwa kukula kwake. Makaniko akabwera ndi kabawuti kothyoka m'manja muli girisi yekhayekha, iwo sankayang'ana kawiri. Ankangotambasulira mkono kumbuyo osacheuka, n'kutulutsa kanzake. Pamenepo panalibe wowapambana, tisawanamizire. Vuto linali lakuti akaweruka, sitoloyo ankapita nayo kunyumba m'mutu.

Ndipo kunyumbako kunali akazi awo, telala wosokera pabalaza. Koma abale, Mulungu amadziwa kuphatikiza anthu! Pakona pawo pa makina osokera panali ulusi mbwee, tinsalu todula pansi ponseponse, mapini m'kamwa, choko kukhutu, sizasi pansi pa khushoni. Komatu mukanawafunsa batani lobiriwira la kasitomala wa mwezi watha, akanapisa dzanja m'mulu womwewo n'kulitulutsa. Amuna awo akayamba kuwasanjira maulusi potsata mitundu, iwo ankaseka mapini ali m'kamwa.

"Inu abambo ake, tsiku lina mudzatimata timapepala pamphumi ifenso."

Ana anali awiri. Chisamba anali wamwamuna, amene amayi ake ankamutcha Phokoso kuyambira tsiku lobadwa, chifukwa ngakhale madzi ankamwa mokweza. Mzime anali wamkazi, wofatsa, ndipo aliyense ankangomuitana choncho kuti Mzime mpaka atakwatiwa. Phokoso ndi bambo ake anali moto ndi udzu wouma. Nsapato imodzi pakhomo, inzake kubafa. Atakula, a Pamalopake anamupezera malo pakauntala pawo pomwepo, akuchita kugwadira abwana. Mnyamatayo anakhalapo pang'ono, nasokoneza manati ndi mawashala, kenako anasiya n'kukayamba kumeta anthu m'kashedi kena pafupi ndi siteji ya mabasi. Kumeneko ndiye ankasangalala, akuimba ndi kuseketsa anthu tsiku lonse.

A Pamalopake sanakalipe. Bwenzi atakalipa! Phokoso atabwera madzulo ena anapeza katundu wake yense ali pakhonde m'makatoni omata bwino ndi selotepu, lililonse litalembedwa ndi dzanja lokongola lija: Malaya. Nsapato. Mabuku. Zina ndi zina. Anawerenga makatoni onse, naseka kaseko kopanda mano, n'kuitana wangolo. Amayi ake anaima pachitseko, natembenukira amuna awo.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, abambo ake. Mukanamuleka apeze njira yake."

"Akaipeza adzabwera," anayankha iwo, akupukuta magalasi.

Sanabwere. Anapita kumzinda wina wakutali, natsegula kabizinesi kake kometa. Patapita zaka zingapo kunabwera foni ya munthu wachilendo, kunena kuti galimoto yamugunda akuwoloka msewu ndipo wafera pomwepo. Ataika maliro, a Pamalopake anachotsa chithunzi chake pakhoma, natseka bowo la msomali ndi kalaimu, n'kulengeza kuti dzina limenelo lisamvekenso m'nyumba muno. Anthu ankati mkuluyu mtima wake ndi mwala. Ayi, chisoni anali nacho, chochuluka zedi. Kungoti sankadziwa pochiika, ndipo chinthu chosowa malo iwo ankachichotsa pamaso.

Atapuma pantchito, manja anayamba kuwayabwa. Masupuni anali atasanjidwa kale, makiyi onse anali ndi timapepala, ngakhale mabotolo opanda kanthu anali pamzere. Mwayi wawo, mkamwini anawasiyira kompyuta yakale yoti ikatayidwe. Eee, anawapatsa chidole! Anaiika m'kabati ya m'khonde la m'kati, pansi pa shelefu ya matawulo, naboola khoma n'kudutsitsa waya mpaka kutivi ya pabalaza. Anaphunzira okha pang'onopang'ono, magalasi ali pansonga ya mphuno, mpaka kompyutayo inasanduka chimene ankachitcha monyadira kuti seva: bokosi losunga masewero ndi makanema onse a pakhomo, loti munthu atakhala pampando azingosankha ndi limoti. Usana wonse inkangolira chamumtima m'kabatimo, matawulo n'kumatuluka ofunda.

Anadzaza sevayo ndi masewero a magawo ambirimbiri, sizoni ndi sizoni. Kodi ankaonera? Ngakhale limodzi! Chowasangalatsa chinali kuona mayina a mafayilo ataima pamzere ngati asilikali, dzina la sewero, nambala ya sizoni, nambala ya gawo. Ankakonza mayinawo pamanja, imodziimodzi, mpaka msana kuwawa, ndipo akamaliza ankadzuka ali okhuta ngati adya.

Foda imodzi yokha ndiyo inkawasowetsa tulo. Akazi awo ankakonda sewero lina lakunja, lalitali losatha, la banja lolemera lolimbirana hotela. Ankalionera masana akusoka, makina akulira, iwo akulangiza anthu a m'sewerolo mokweza. Mayina achingerezi a magawo ake sankawathandiza kanthu, choncho Mzime anawaphunzitsa kusintha dzina la fayilo, ndipo anaphunzira msanga zedi. Nambala ankaisiya, koma kutsogolo kwake ankalemba zawozawo. Gawo 8 apongozi agwa m'bafa. Gawo 15 mfiti ija yavala wigi. Gawo 22 usaonere ukudya. Ena ankawalemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ena opanda mpata pakati. A Pamalopake akatsegula fodayo ankamva kuyabwa thupi lonse.

"Mayi, ndikukonzereniko pang'ono chabe."

"Mukonze zanu. M'nyumba yonse muno malo anga ndi awiri, makina awa ndi foda imeneyo. Musadzaikhudze, ndakupemphani." Akatero ankafewetsa mawu, n'kuchotsa tinsalu pampando wa pambali pawo. "M'malo moyang'ana mayina, bwanji osakhala apa muonere nane? Gawo limodzi lokha, abambo ake. Lalifupi."

"Zamabodza zimenezo ndilibe nazo nthawi."

Anawapempha choncho zaka ndi zaka, nthawi zina moseka, nthawi zina mawu akunjenjemera. Yankho linali lomwelo, kenako phazi kulunjika kukabati.

Tsono apa mvetserani, chifukwa a Pamalopake okha ndiwo sankadziwa. Pakati pa magawo a sewerolo panali fayilo imodzi imene sinali ya sewero. Phokoso asanamwalire anatumizira amayi ake kavidiyo pafoni, kojambula yekha m'shopu yake yometera, kogwedezeka, kosaoneka bwino, mawu akukanda. Foni ya amayiyo itayamba kuzimazima, anapempha Mzime kuti akasamutse kasanatayike. Koma akaika kuti m'nyumba yoti mwini wake amatsegula dirowa iliyonse? Anapeza malo amodzi okha amene bamboyo sakanasuzumirako ngakhale atalipidwa. Anakalowetsa mufoda ya sewero lija, pansi penipeni pa gawo 27, n'kukatcha Gawo 27 lobwereza. Foni ija inafa, ya Mzime inabedwa m'basi, ndipo padziko lonse mawu a Phokoso anatsala pamenepo pokha. Masana aliwonse amuna awo akapita kukagula nyuzipepala, makina osokera ankaima kanthawi.

Kenako tsiku lina makinawo anaima ndipo sanayambenso. A Pamalopake anabwera ndi nyuzipepala yawo n'kupeza akazi awo atagwera cham'mbali, phazi lili papedulo, pakamwa patapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu anapita. Mayi amene ankatha kucheza ndi kasitomala, kulangiza tivi ndi kukalipira mphaka nthawi imodzi, anatsala ndi kamawu kamodzi kotuluka kukhosi.

Mkuluyu anachita mantha, mantha enieni a mwana. Ankafika kuwodi m'mawa atavala jekete, n'kuima pambali pa bedi osadziwa choti achite ndi manja ake. Kugwira dzanja la akazi awo sankakudziwa. Ankayamba kusanja za pakalokala: kapu apa, sopo apo, mankhwala potsata kutalika kwa mabotolo. Mzime, amene ankagonera amayi ake, anatopa nazo.

"Ababa, pitani kunyumba mukapume. Mukutizunguza mutu."

Kunyumba kunali zii. Pakona paja panali diresi la munthu litasiyidwa theka pansi pa singano. Anakhala pakompyuta chifukwa kunalibe kwina kokhala, ndipo m'masiku amenewo ndi pamene anakumana ndi pulogalamu ina ya pakompyuta. Anthu ena osunga maseva pa intaneti ankaiyamikira kwambiri. Ntchito yake inali yomwe iwo ankathyokera nayo msana: imayang'ana nambala imene ili m'dzina la fayilo, n'kukafunsa pa intaneti kuti gawo limenelo la sewero limenelo dzina lake lenileni ndi chiyani, kenako n'kulisintha yokha, kuliika mufoda ya sizoni yake, mpaka kubweretsa kachithunzi kokongola kapachikuto. Anaiyesa pa masewero awo. Ntchito ya mwezi wathunthu inatha tiyi asanazizire. Anaseka okha m'nyumba yopanda anthu, koyamba chigwereni akazi awo.

Adokotala atanena kuti wodwala atuluka posachedwa, maganizo anawabwerera. Mayiyu sadzasokanso. Sadzayenda, sadzacheza. Chotsala chake ndi tivi basi. Nanga abwere kudzapeza chipwirikiti chija, munthu wodwala, wa dzanja limodzi? Bwanji adzapeze zonse zili mwadongosolo, gawo lililonse ndi chithunzi chake, ngati za m'sitolo? Tinene zoona, anachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Koma tinenenso zoona zinazo: foda imeneyo anali ataiyang'ana ndi diso la fisi kwa zaka zambiri, ndipo tsopano mwini wake sakanatha kunena kuti ayi.

Mzime akanatha kumuimbira foni pompo n'kumufunsa. Koma munthu amene wasanja zinthu moyo wake wonse angafunse mwana za kusanja? Safunsa anadya phula.

Unali m'mawa wowala bwino. Anapukuta magalasi, nasankha foda ya akazi awo, n'kuipereka kwa pulogalamu. Isanayambe, inawafunsa funso limodzi: ikapeza mafayilo awiri a gawo limodzi, itani? Isunge onse, kapena isunge yooneka bwino n'kutaya inayo? Funso lotere kwa a Pamalopake linali ngati kufunsa ngati madzi ndi onyowa. Pakauntala paja, bawuti yadzimbiri sinkagona dirowa imodzi ndi yatsopano. Anachonga kabokosi kachiwiri, nadina batani.

Mayina anayamba kutembenuka m'maso mwawo. Apongozi ogwa m'bafa anapita, mfiti ya wigi inapita, m'malo mwake munabwera mayina achingerezi oyera bwino. Pamapeto pulogalamu inanena kuti yapeza fayilo imodzi yobwereza, yaing'ono ndi yosaoneka bwino, ndipo yaitaya. Iwo anagwedeza mutu mokhutira. Mwaona, ngakhale mwini wake anachita kulemba yekha kuti lobwereza! Anatsegula bini ya kompyuta n'kuikhuthula, monga ankachitira tsiku lililonse, chifukwa zinyalala sizigona m'nyumba. Ndipo poona kuti disiki yatsala pang'ono kudzaza koma kampata kalipo, anakoperamo sizoni yatsopano ya sewero lomwelo mpaka kukhosi, kuti mphatso ikwane.

Tsiku lotuluka m'chipatala, mayiyo anafika kunyumba masana, ali pampando wa matayala. Mzime ndi mwamuna wake anawakweza masitepe a pakhonde, nawaika pabalaza pamalo pawo pakale, pafupi ndi makina amene tsopano anali atavundikiridwa nsalu. Anali ataonda, tsitsi litayera mwadzidzidzi, koma maso anali omwe aja. Maso amenewo sanayang'ane makatani ochapidwa kapena maluwa a patebulo. Anapita molunjika kutivi, ndipo dzanja lamanzere linatambasuka.

"Akufuna limoti," anatero Mzime, akumwetulira. "Kuchipatala konse amangoloza kukhoma."

A Pamalopake anaipereka ndi manja awiri, chifuwa chili patsogolo. "Mayi, taonani zimene ndakukonzerani."

Tivi inayaka, zithunzi zokongola zili ndandanda. Mayiyo anakwinya nkhope. Chala chamanzere, chosazolowera, chinayamba kutsika movutikira, kuphonya, kubwerera, kutsikanso. Mayina sankawadziwa, koma manambala analipo. Anafika pa 27. Anatsika kamodzi: 28. Anakwera: 27. Anatsikanso: 28. Anadina 27, ndipo panatuluka mkazi wa wigi akutsika masitepe a hotela, chithunzi chowala ngati galasi. Anatseka, natsikanso. 28.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Pamalopake. "Onse alipo, mayi. Palibe losowa, ndaonetsetsa."

Pamenepo ndi pamene kamawu kaja kanatuluka. Sikanali kulira kwa munthu wamkulu. Kanali kamawu kamodzi kokokedwa, kotuluka pakamwa popotoka, malovu akutsikira pachibwano, limoti ikugogoda pa bondo lakufa. Mzime anathamanga kuchokera kukhitchini, nayang'ana amayi ake, nayang'ana tivi. Mbale imene inali m'manja mwake anaiika pansi pang'onopang'ono.

"Ababa, tabwerani kuno."

Anawakokera m'khonde la m'kati, pafupi ndi kabati yolira chamumtima ija, natseka chitseko cha pabalaza.

"Mwaitani foda ya amayi?"

"Ndangoikonza mayina. Palibe chimene ndachotsa, kupatula kafayilo kamodzi kobwereza, koipa kale."

"Kali kuti?"

"Pulogalamu inakataya. Kanali kachabechabe, mwanangu, gawo lomwelo lilipo looneka bwino."

Mwana wofatsa uja, amene chibadwire sanawayankhepo mokweza, anawayang'ana ngati akuona chinthu chonyansa m'madzi akumwa.

"Amene uja anali achimwene."

"Ndani?"

"Achimwene! Phokoso! Mwana wanu, ngati mwaiwala kuti munali naye. Kavidiyo kamene anatumizira amayi. Tinakabisa mmenemo chifukwa cha inu, chifukwa tinkadziwa kuti mukakapeza mukataya. Ndiye mwakatayadi, osakaona n'komwe. Mwamutulutsa m'nyumba muno kawiri, ababa."

A Pamalopake anafuna kunena kuti sankadziwa. Anafuna kunena kuti munthu wanzeru salemba nambala ya gawo pa chinthu chimene si gawo, kuti pulogalamu sinalakwe, inachita zimene inauzidwa. Mawu amenewo anafika mpaka pamilomo, chifukwa chizolowezi ndi chizolowezi. Koma kuseri kwa chitseko kamawu kaja kanali kakumvekabe.

"Uli nako kena pafoni yako," anatero iwo.

"Foni ija inabedwa kalekale. Si inu munkatiuza kuti chimene chalowa mu seva yanu sichitayika?"

M'mawa mwake anamasula disiki, naikulunga m'thawulo, n'kukwera nayo basi ataifukata ngati khanda. Anapita kwa mayi wina wokonza makompyuta m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, wodziwika kuti amaukitsa mafayilo akufa. Mayiyo anailumikiza ku makina ake, nawafunsa akuyang'ana pasikirini.

"Mutaifufuta fayiloyo, munasiya kugwiritsa ntchito disikiyi?"

"Ndinakoperamo zina."

"Zambiri?"

"Mpaka kudzaza."

Mayiyo anavula magalasi ake. "Bambo, fayilo ikafufutidwa imakhala ikadalipo, malo ake amangolembedwa kuti ndi opanda mwini. Mukanangoisiya, bwenzi pano tikuionera. Koma inu mwamangapo nyumba ina pamwamba pake." Anayesabe mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa anaona nkhope yawo. Chimene chinatuluka ndi timabokosi tobiriwira ndi totuwa tothwanima, popanda nkhope, popanda mawu. "Pepani. Madzi akatayika sawoleka."

Anabwerera ndi thawulo lawo. Panjira anadutsa pa kashedi ka wometa, makina akulira, anyamata akuseka, ndipo anawoloka msewu kuti asadutse pafupi.

Anapeza Mzime akuchapa nsalu za amayi ake kuseri kwa nyumba. Anaima pambali pa beseni nthawi yaitali, disiki ili kukhwapa. Mwanayo sanadzutse mutu.

"Kodi," anayamba, nakhosomola. Dzinalo linali lolemera pakamwa, linali litachita dzimbiri. "Kodi Phokoso ankati chiyani mmenemo?"

Mzime anapitiriza kufikisa nsalu. Kenako anayankha mouma, ngati akuwerengera munthu wosamudziwa.

"Ankaseka, monga mwa masiku onse. Ankati, amayi taonani, ndanenepa, musamade nkhawa. Anaonetsa mpando wake wometera, galasi, kawailesi. Anaimba pang'ono, moipa dala." Anafinya nsalu, naiponya m'ndowa. "Kenako anatembenuza foni kuonetsa kukhoma. Anali atakhoma kashelefu ka timadirowa. Kalikonse ndi kapepala kake. Malezala, zipeso, masizasi, mafuta. Ndiye anati, abambo muwaonetse ichi. Muwauze kuti chilichonse chili pamalo pake. Muwauze kuti akalola, ndibwera adzandione."

Madzi ankadontha kuchokera pampopi kugwera m'beseni.

"Bwanji sanandiuze amayi ako?"

Apa Mzime anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Kukuuzani bwanji, poti kavidiyoko kanafika masiku amene munkatuluka m'chipinda munthu akangomutchula? Ankadikira kuti mtima wanu utsike. Usanatsike, galimoto inamugunda, inu n'kuletseratu dzina lake. Ndiye anatsala ndi njira imodzi. Anakupemphani kangati kuti mukhale pansi muonere nawo gawo limodzi lokha? Lalifupi? Mumayesa ankafuna muone za hotela?"

A Pamalopake analowa m'nyumba, nabwezera disiki m'malo mwake, namanga timasikuluwu tonse tinayi, chifukwa manja awo sankadziwa kusiya chinthu chosamanga. Kenako anakhala pansi m'khondemo, msana utatsamira kabati, ndipo mkulu wa imvi analira ngati mwana wotayika pamsika. Panalibe amene anabwera kudzawatonthoza.

Masiku ano mukadutsa pamsewu umenewo simudzawaona akupita kukagula nyuzipepala. Mzime anabwerera kunyumba kwake, amabwera Loweruka, ndipo amalankhula ndi bambo ake za mankhwala ndi matewera basi. Ndi iwo amene amasambitsa akazi awo, kuwadyetsa ndi supuni, kuwapesa tsitsi mokhotakhota. Anaphunzira zonsezo, ndipo amazichita bwino, pa nthawi yake. Pulogalamu ija anaichotsa. Anayesa kubwezera mayina akale pamanja, koma anakumbukira atatu okha, popeza enawo ankangowaona ngati zinyalala osawawerenga. Pakhoma, pamene panali kalaimu, anakhomanso msomali n'kupachika chithunzi chija. Akazi awo anachiyang'ana, nayang'ana iwo, ndipo nkhope yawo sinasinthe.

Masana aliwonse, nthawi imene makina osokera ankaima kale, dzanja lamanzere limatambasuka. Iwo amapereka limoti. Chala chimatsika mpaka pa 27, n'kupita pa 28, n'kubwerera, n'kutsikanso, mwina poganiza kuti lero chilipo. A Pamalopake amaima pakhomo la khitchini atagwira kansalu kopukutira mbale, akumva kabatani kakulira, tha, tha, tha.

Tsiku lina analimba mtima. Anachotsa khushoni pampando wa pambali uja, umene unkachotsedwa tinsalu chifukwa cha iwo zaka zonse zija, nakhala pansi mwaulemu, manja pamaondo.

"Mayi," anatero motsitsa, "ndabwera. Tionere limodzi."

Mayiyo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nawayang'ana ndi maso awo akale aja, nthawi yaitali. Kenako anakweza limoti ndi dzanja lamanzere, naloza tivi, n'kuizimitsa.